ZA KASEMEDWE KA UTA WA MTENGO WA YEW

Phunziro lathu la mwezi uno liri la cida cimene nonse mucidziwa, ndico uta. Palibe mnyamata wa kumudzi amene sanapindepo kamtengo, namangapo luzi, nayesa kulasa njiwa kumunda. Koma uta umene tikamba lero ndiwo uta wautali wa ku England, dziko la Angerezi, wosemedwa ku mtengo wochedwa yew, umene sumera m'dziko lathu. Kapena wina adzafunsa, Tidzapindulanji ife pophunzira za mtengo umene sitinauone? Tiyankha kuti m'mbiri imeneyi muli nzeru za mmisiri wodekha, ndiponso muli cenjezo, pakuti Angerezi anakonda cida caoco kufikira anatha mitengo ya eni. Cifukwa cace werengani mofatsa, ndipo muwawerengerenso anzanu amene sanaphunzire kuwerenga.

1. MTENGO WACE

Yew ndi mtengo wa m'maiko a cisanu. Umera ku Ulaya, kufikira ku mapiri a Caucasus ndi kumpoto kwa Iran, ndiponso pa mapiri a Atlas kumpoto kwa Africa. Ophunzira za zomera aucha Taxus baccata. Masamba ace ndi aang'ono, oonda, obiriwira moderako, ndipo mtengowo sukhala wopanda masamba nyengo iri yonse, monga momwe ucitira mkungudza. Sutalika kwambiri, kawiri kawiri mamita 10 kufikira 20, koma ukula pang'ono pang'ono, nukhala zaka zambirimbiri. Ku Fortingall, m'dziko la Scotland, m'bwalo la chalichi, muli yew umene anthu auyesa wa zaka zoposa 2,000. M'mabwalo ambiri a machalichi a ku England muli mitengo yotere. Koma yambiri ya iyo iri yokhota ndi yodzala mfundo, ndipo amisiri akale anakonda koposa yew wa ku Spain, ku Italy ndi ku mapiri a Alps.

Mtengo umenewu uli ndi ciphe. Masamba ace, khungwa lace ndi njere zace ziri ndi ululu woletsa mtima kugunda. Ng'ombe kapena kavalo akadya masambawo, angakhale ofota, afa msanga. Kamnofu kofiira kokuta njere ndiko kokha kopanda ululu. Mbalame zikadya, nizitaya njerezo kutali, ndipo kumeneko kumera mitengo yatsopano. Mmisiri wanzeru amanga kansaru pamphuno ndi pakamwa pamene apala mtengowo, nasamba m'manja asanadye, pakuti pfumbi lace lidwalitsa.

Anthu anadziwa kale lomwe ubwino wa yew. M'caka ca 1991 anapeza mtembo wa munthu m'madzi oundana pa mapiri a Alps, pa malire a Italy ndi Austria, namucha Ötzi. Munthuyo anafa zaka ngati 5,300 zapitazo, ndipo pambali pace panali uta wa yew wa mamita 1.82, umene anali asanatsirize kuusema.

2. MTIMA NDI COYERA

Tengani kamtengo, mukapinde ndi manja, ndipo mupenyetsetse. Mbali ya kunja itamuka, koma mbali ya m'kati ipanikizana. Uta uli wonse ucita comweco. Mbali yopenya kumene mubvi upita, ndiyo yotamuka, amisiri aicha msana. Mbali yopenya mwini uta, ndiyo yopanikizana, aicha mimba. Mitengo yambiri ikhoza nchito imodzi mwa ziwirizi, nilephera inzace: wina msana uthyoka, wina mimba itekedzeka, uta nukhala wopindika cipindikire.

Tsono mukadula yew mudzaona maonekedwe awiri. Kunsi kwa khungwa kuli mtengo woyera, wocepa thupi, umene tidzaucha coyera. M'kati muli mtima wofiirira. Coyera cipirira kutamuka, ndipo mtima upirira kupanikizana, nubwerera msanga m'malo mwace. Mmisiri akasema mwanzeru, kuti coyera cikhale kumsana ndi mtima kumimba, apeza zonse ziwiri m'ndodo imodzi. Mitundu ina ya ku Asia, monga a ku Mongolia ndi a ku Turkey, inafika pa cinthu comweco ndi nchito yambiri, pomata nyanga kumimba ndi mitsempha ya nyama kumsana. Koma m'yew ziwirizi zimera pamodzi.

M'maiko a cisanu mtengo uonjeza mzere umodzi wozungulira caka ciri conse. Yew wa pamapiri, wokula mobvutika pa nthaka yosauka, mizere yace iri yothithikana, ndipo umenewo ndiwo amisiri aufuna koposa.

3. KUDULA NDI KUUMITSA

Mmisiri alowa m'nkhalango nyengo ya cisanu, pamene madzi a m'mtengo ali ocepa, nafuna thunthu loongoka, lopanda nthambi ku mbali imodzi, la utali wa mamita 2 kapena kupitirira pang'ono. Ayamba wapenya khungwa: ngati mizere yace ikwera mozungulira thunthu, adziwa kuti mtengowo uli wopotoka m'kati, nausiya. Mwa mitengo yambiri apeza yowerengeka yokha yoyenera uta.

Atagwetsa mtengo, akhoma zikhomo za citsulo kapena za mtengo wolimba pa mutu wa cipika, nazitsatiza mng'alu kufikira cipikaco cing'ambika pakati. Ndipo cikakhala cacikuru ang'ambanso zigawozo. Acita comweco kuti mtengo ung'ambike wokha potsata mitsempha yace, pakuti poceka ndi sowo munthu akhoza kudula mitsempha osadziwa, ndipo pamene mtsempha waduka ndi pamene uta udzathyokera. Cigawo ciri conse ciyenera kukhala ndi coyera cace ndi mtima wace. Cigawo cotere tidzacicha ndodo ya uta.

Atatero amata phula kapena utomoni ku mitu yonse iwiri ya ndodo, cifukwa madzi aturuka msanga ku mitu koposa m'mbali, ndipo popanda kumata, mitu ija ing'aluka. Pamenepo asanja ndodozo pamthunzi, pansi pa denga, pamene mphepo ipita, kutali ndi dzuwa ndi moto. Ndipo azisiya caka cimodzi kapena ziwiri. Amisiri ena anali kusema pang'ono, nasiya, nasemanso caka cinzace, kotero kuti kuyambira tsiku lodula kufikira tsiku loponya mubvi woyamba panapita zaka ngati 4. Amisiri a masiku ano aika ndodo pa sikelo mwezi ndi mwezi. Ikaleka kupepuka adziwa kuti yauma.

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Munthu wopupuluma asema mtengo wauwisi, naona kuti upinda bwino, nakondwera. Koma uta wace subwerera m'malo mwace, ndipo patapita masabata owerengeka mubvi wace ugwa pafupi. Winanso aumitsa ndodo pamoto kuti afulumire, ndipo uta wace uthyoka m'manja. Akuru anati, Kuona maso a nkhono n'kudekha.

4. KUSEMA

Ndodo itauma, mmisiri akungula khungwa ndi mpeni wobuntha, mosamala ndithu, kuti asatemere coyera. Coyera cikacuruka acicepsa kufikira citsala ngati mamilimita 5 kapena 6. Ndipo pocepsapo ayesetsa kutsata mzere wa caka cimodzi kuyambira nsonga yina kufikira inzace. Mzerewo ukakwera iye akwera nao, ukatsika atsika nao. Akafika pa mfundo, pamene panaturuka kanthambi, saisalaza ai, koma asiya mtengo wocurukirapo pozungulira pace, popeza mfundo ndi malo ofoka. Cifukwa cace uta wabwino wa yew kawiri kawiri uoneka wa zitunda ndi wokhotakhota pang'ono. Wosadziwa auyesa woipa, nasankha wosalala. Koma kapena wosalalayo ndi amene mitsempha yace inadulidwa.

Atakonza msana, atambasula cingwe kucokera ku nsonga kufikira ku nsonga, nalemba mzere wa pakati ndi maonekedwe onse a uta. Utali wace ulingana ndi msinkhu wa mwini, kapena kupitirira pang'ono. Pakati m'lifupi mwace mukhala masentimita 3 kapena kuposerako pang'ono, ndipo uonda pang'ono pang'ono kufikira ku nsonga, kumene ulingana ndi cala caching'ono. Msana ukhala wophwathalala, mimba ikhala yoburungira. Mukadula uta wotere pakati mudzaona cifanizo ca lemba D.

Kuyambira apa mmisiri sakhudzanso msana. Asema kumimba ndi m'mbali mokha. Ayamba ndi nkhwangwa yaing'ono, nadza ndi mpeni wa zigwiriro ziwiri wokokera kwa iye mwini, nadza ndi tupa, natsiriza ndi kacitsulo kopalira kamene kacotsa tizipalo topyapyala ngati khoko la anyezi. Nchito ikamayandikira kutha, cida cikhala cocepera, pakuti mtengo wocotsedwa subwezedwanso.

Nchito imeneyi ifuna maso. M'caka ca 1371 amisiri a mauta a ku London anapempha akuru a mzinda kuti aletse kusema mauta usiku, cifukwa uta wosemedwa pa kuunika kwa nyali sukhala wabwino. Caka comweco anagawana nchito ndi amisiri a mibvi, kuti wosema uta asapange mibvi, ndi wopanga mibvi asaseme uta. Mnyamata wofuna umisiri wotere anali kukhala kwa mbuye wace zaka 7 asanayesedwe mmisiri.

5. KUPHUNZITSA UTA KUPINDA

Tsopano tafika pa nchito yobvuta koposa zonse. Ndodo yosemedwa bwino sinakhale uta, kufikira itaphunzitsidwa kupinda mofanana ponse ponse.

Poyamba mmisiri atsamiza nsonga imodzi pansi, nakankha pakati ndi dzanja, kuti aone ngati mtengo wayamba kugonja. Ukayamba, amanga cingwe cacitali colenda ku nsonga zonse ziwiri, nakhazika uta copingasa pamwamba pa mtengo woimirira wa mano ambiri, nakokera cingweco pansi, nacikola pa dzino loyamba. Ena apacika uta pakhoma, naukoka ndi cingwe copita pa kagudumu, ali ciimire patali. Pamenepo abwerera m'mbuyo, napenya. Afuna kuona zinthu ziwiri: ngati mbali ya kumwamba ndi ya kunsi zipinda molingana, ndiponso ngati kupindako kwagawika bwino, monga mwezi wokhala kumene.

Akaona pamalo pouma, posafuna kupinda, alembapo ndi khala, natsitsa uta, napala pomwepo pang'ono. Akaona pamalo popinda koposa, alembapo cizindikilo cakuti asakhudzepo konse, napala kwina konse kufikira mbali zinazo zilandira gawo lao la katundu. Pakuti pamalo pofoka psenza nchito ya uta wonse. Pakapanda kupumulitsidwa, kumimba kwace kuoneka timing'alu topingasa, ndipo uta wotere masiku ace ali owerengeka. Atapala, akoka uta pang'ono pang'ono kokwana 20 kapena 30 asanapenyenso, cifukwa mtengo suonetsa msanga cimene cacitidwa pa iwo.

Pali malamulo awiri amene mmisiri saiwala. Loyamba: usakoke uta kupitirira pamene waonapo cirema, yamba wakonza cirema, ndipo pamenepo upite ku dzino lotsatira. Laciwiri: usaukoke ndi mphamvu yoposa imene ufuna kuti ukhale nayo potsiriza. Cifukwa cace akolowekapo sikelo pa cingwe, kuti adziwe makilogalamu amene akukoka.

Uta ukafika popinda bwino, aukunga ndi nsinga yaifupi, poyamba molenda pang'ono, pambuyo pace kufikira mpata wa pakati pa nsinga ndi pogwirira ulingana ndi nkhonya yoimika cala cacikuru, ndiwo masentimita ngati 15. Ndipo apitiriza, dzino ndi dzino, kupala ndi kupenya, kupala ndi kupenya, kufikira nsinga ifika pa utali wa mubvi, masentimita 71 kapena 76. Uta wa nkhondo wakale unali kupinda wonse, ndi pakati pomwe pogwira dzanja, kuti pasakhale gawo la mtengo lokhala cabe.

Mmisiri wosaleza mtima, akaona pamalo pouma, atenga tupa m'malo mwa copalira, nacotsa zambiri nthawi imodzi. Pamenepo pouma paja pasanduka pofoka, ndipo ayenera kupala uta wonse kuti ulingane napo. Potsiriza apeza kuti uta umene anaufunira munthu wamkuru watsala woyenera mwana. Zaka ziwiri za kuumitsa zionongeka madzulo amodzi.

6. NYANGA, NSINGA NDI KASUNGIDWE

Yew ndi mtengo wofewa pang'ono, ndipo nsinga ikhoza kuudya ku nsonga. Cifukwa cace amisiri atenga nsonga za nyanga za ng'ombe, naziboola, nazibveka ku nsonga za uta ndi zomatira, nasemapo kamphako kogonamo nsinga. Nsinga zakale anazipota ndi luzi la camba ca mtundu wolimidwa cifukwa ca luzi lace, kapena la flax, mbeu imene aombera nsaru ya bafuta. Ndipo anazipaka phula kuti zisamwe madzi. Pakati, pokhala mubvi ndi zala, anakulungapo ulusi wina kuti nsinga isaperepeseke. Nsinga ikaduka uta uli cikokere, kawiri kawiri utawo uthyoka nao. Cifukwa cace munthu wa uta anali kuyenda ndi nsinga zina zapadera. Potsiriza uta wonse aupaka phula kapena mafuta, kuti cinyezi cisalowe.

Mibvi anaipanga ndi mitengo yopepuka ndi yoongoka, monga poplar ndi ash, naibveka nthenga za tsekwe. M'caka ca 1417 mfumu Henry V inalamula kuti atenge nthenga 6 ku tsekwe ali yense, cifukwa ca mibvi ya nkhondo.

Mwini uta wa yew asunga malangizo awa. Amasula nsinga akatha kuponya, kuti mtengo upumule. Sakoka ndi kutaya nsinga popanda mubvi, pakuti mphamvu imene ikanapita ndi mubvi ibwerera m'mtengo, niung'amba. Sabwereka uta wace munthu wa mikono yaitali koposa yace, popeza uta udziwa malire amene unaphunzitsidwa. Tsiku la cisanu coopsa ayamba waupukuta ndi nsaru ndi kuukoka pang'ono pang'ono, cifukwa yew wozizira uthyoka msanga. Ndipo sausiya padzuwa kapena pafupi ndi moto, cifukwa yew wotentha ulefuka.

7. ANTHU AMENE ANAUKOKA

Uta umenewu unamveka mbiri m'nkhondo za pakati pa England ndi France. Ku Crécy, m'caka ca 1346, amauta a mfumu Edward III anagwetsa apakavalo a ku France ambirimbiri asanafike pafupi. Ku Poitiers mu 1356 Angerezi anapambananso. Ku Agincourt, pa 25 October 1415, asilikari ambiri ndithu a mfumu Henry V anali amauta, a ku England ndi a ku Wales. Anazika zisonga patsogolo pao kuti akavalo asawafikire, ndipo adani ao, obvala zitsulo zolemera, anatitimira m'matope a munda wolimidwa kumene. Koma tisayese kuti uta unali wosagonjetseka. Ku Patay mu 1429 apakavalo a ku France anawagwera amauta asanathe kuzika zisonga zao, nawakantha. Ndipo ku Castillon mu 1453 mizinga ya a ku France inatsiriza nkhondoyo.

Kukoka uta wotere sikunali nchito ya tsiku limodzi. M'caka ca 1363 Edward III analamula kuti amuna onse amphamvu aziphunzira kuponya mibvi masiku a cikondwerero, naletsa mpira ndi masewera ena amene anali kuwacotsa ku nchitoyo. M'masiku a Henry VIII lamulo linati atate agulire mwana wace wamwamuna uta ndi mibvi 2 akafika zaka 7. Bishopu Hugh Latimer, polalikira pamaso pa mfumu Edward VI mu 1549, anasimba kuti atate wace, amene anali mlimi, anali kumgulira mauta olingana ndi msinkhu wace, naonjeza kukula kwace pamene iye anali kukula. Ndiponso kuti anamphunzitsa kukoka ndi thupi lonse, osatama mikono yokha. Buku loyamba la Cingerezi lofotokoza za uta, lochedwa Toxophilus, analilemba Roger Ascham m'caka ca 1545.

M'caka comweco, pa 19 July 1545, ngalawa ya nkhondo ya Henry VIII, yochedwa Mary Rose, inamira pafupi ndi Portsmouth, ndipo anthu mazana anafa nayo. Inagona m'matope a pansi pa nyanja kufikira anaibvuula mu 1982. M'menemo anapezamo mauta amphumphu 137 ndi mibvi yoposa 3,500. Kufikira nthawi imeneyo anthu analibe mauta okwanira a masiku akalewo oti awapenye ndi maso. Utali wa mautawo unali mamita 1.87 kufikira 2.11. Nyanga za ku nsonga zinali zitaola, koma mabanga ace anatsala pamtengo. Ophunzira atawayesa anati mphamvu yao inali ngati makilogalamu 45 kufikira 84. Taganizani kunyamula thumba la cimanga la makilogalamu 50 ndi zala zitatu, osati kamodzi, koma kambirimbiri motsatana. Mafupa a anthu ena a m'ngalawamo aonetsa zizindikilo pamapewa, zimene ophunzira aziyesa zocokera ku kukoka mauta olemera kuyambira ubwana.

8. KUTHA KWA MITENGO

Tsono mverani cotsatira cace. Walira mvula walira matope. Mauta athyoka, ndipo nkhondo ifuna zikwi zikwi. Koma yew woyenera uta ufuna zaka makumi ambiri kuti ukule. Mitengo ya ku England siinakwanire, ndipo Angerezi anatembenukira ku maiko ena. M'caka ca 1472, m'masiku a mfumu Edward IV, anaika lamulo lakuti ngalawa za amalonda zocokera ku maiko a yew zibwere ndi ndodo 4 za mauta pa tani liri lonse la katundu. Richard III anaonjeza kuti zikhale ndodo 10 pa mbiya yaikuru iri yonse ya vinyo. Henry VIII analamula amisiri kuti asemenso mauta a mitengo yina, monga elm ndi ash, kuti yew asungike. Koma nkhwangwa zinapitirira, kucokera dziko lina kunka lina, kufikira ku nkhalango za ku Austria ndi Bavaria.

M'caka ca 1562 akuru a ku Bavaria analemba kalata kwa Kaisara wao, kumdandaulira kuti aletse kudula yew, pakuti odulawo anali kusiya mipata m'nkhalango, ndipo mphepo inali kulowa m'mipatamo ndi kugwetsa mitengo yina. Pofika 1568 m'dzikomo munalibenso yew woyenera kudula. Ndipo taonani, patangopita zaka zowerengeka, mu 1595, akuru a mfumukazi Elizabeth I analamula kuti magulu a asilikari asiye mauta, atenge mfuti. Pakuti mfuti munthu aiphunzira m'masabata, koma uta ufuna ubwana wonse. Cida cinaleka kufunika, koma mitengo inali itatha kale. Ndipo kufikira lero yew sunabwerere m'nkhalango zambiri za ku Ulaya monga unaliri kale, kotero kuti maiko ena ausunga ndi lamulo.

Pali cinthu cinanso cimene odula aja sanacidziwe. M'khungwa la yew wa ku America, wochedwa Taxus brevifolia, asing'anga anapezamo mankhwala ochedwa paclitaxel, amene analoledwa ku United States mu 1992 kucizira nthenda ya khansa. Ndipo mankhwala ena ofanana nao, ochedwa docetaxel, anayamba kuwapanga kucokera ku masamba a yew wa ku Ulaya. Mtengo umene anautha cifukwa ca kupha anthu unali kusunga mankhwala ociritsa anthu. Ukadatheratu, ndani akadadziwa cimene cinatayika?

Lero ku England, ku America ndi ku maiko ena alipobe amisiri osema mauta a yew, ndipo awaponya pa masewera olasa candamale. Mauta ao ambiri ali opepuka koposa a m'Mary Rose, ndipo ndodo yabwino ya yew iri yosowa ndi ya mtengo wapatali.

9. ZOTI TISUNGE

Abale, tatsata uta uwu kucokera m'nkhalango kufikira ku nkhondo. Mmisiri sanakakamize mtengo kukhala monga iye afuna. Anatsata mitsempha yace, nalemekeza mfundo zace, napala pouma ndi kuleka pofoka. Inu amene musema mipini, mitondo ndi mabwato mudziwa kuti nzeru imeneyi igwira pa mtengo uli wonse. Ndipo inu amene mulera ana kapena kuphunzitsa anyamata umisiri, lingalirani za atate wa Latimer, amene sanampatse mwana uta wa munthu wamkuru tsiku loyamba. Koma mmisiri yemweyo, amene anadziwa kulindira ndodo yace zaka zingapo, sanalingalire za mitengo ya zidzukulu za eni nkhalango. Pamene mutenga nkhwangwa kukagwetsa mtengo wokula pang'ono pang'ono, yambani mwawerenga zaka zace, ndi kudzifunsa ngati mwabzala wina m'malo mwace.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Msana wa uta ndi uti, ndipo mimba yace ndi iti? Nanga coyera ndi mtima zigwira nchito yanji?

2. Cifukwa ninji mmisiri ang'amba cipika ndi zikhomo, osaceka ndi sowo?

3. Cimacitika n'ciani ku uta wosemedwa ndi mtengo wauwisi? Nanga ku uta woumitsidwa pamoto?

4. Mmisiri akaona pamalo popinda koposa, apala pati, ndipo cifukwa ninji?

5. Chulani malangizo 4 a kasungidwe ka uta.

6. Akuru a ku Bavaria anadandaula za ciani mu 1562? Kodi kwanuko uliko mtengo umene makolo anu anauona wocuruka, koma ana anu sauonanso?

Kambiranani mafunso awa madzulo pabwalo, ndipo mufunsenso akuru a m'mudzi mwanu amene adziwa kusema uta, akuuzeni mtengo umene iwo ausankha, ndi nyengo imene audula. Mulembe mau ao m'kabuku, angatayike pamodzi ndi eni ace. Tsalani bwino kufikira mwezi wamawa.